Khonde Langa la Mwala ndi Masamba a Fodya

Mukadzadutsa kwathu kwa Njombwa n'kuona khonde la mawangamawanga, musadzafunse mkazi wanga. Funsani ine, ndine ndinachita.

Sukulu ndinalekeza sitandade seveni, koma kuwerenga sindinasiye. Ngakhale pepala lokulungira usipa ndimaliwongola kaye. Tsiku lina pa Boma ndinatola magazini yakale ya zomangamanga, m'menemo ndinaona mwala wa laimu woyera ngati chambiko. Analemba kuti amaukonza mitundumitundu: wokhakhala, wosalala chabe, ndi wonyezimira. Mtima unagwa pa wonyezimirawo.

Fodya atayenda bwino chaka chimenecho, ndinaitanitsa miyalayo. A Phiri, mmisiri wathu, anaisisita n'kunena kuti, "Akulu, mwala uwu umamwa madzi ngati chinkhupule. Tipake kaye mankhwala otseka timabowo."

"A Phiri, inu yalani basi. Zimenezi ine ndinawerenga." (Tsamba lonena za mankhwalawo linali lothothoka m'magazini muja, koma izo sindinawauze.)

Khonde linatuluka lokongola, anthu. Akabaza ankachepetsa liwiro pofika pakhomo panga.

Chaka chotsatira mwana wathu Tadala anapeza mnyamata womufunsira, ndipo makolo a mnyamatayo anati abwera Loweruka kudzationa. Lachitatu masana kunagwa mvula yosayembekezeka, chigafa cha fodya n'kuyamba kudontha. Ndinathamangitsa fodya yense wonyowa uja n'kumuyala pakhonde, tsamba ndi tsamba, kuti aume msanga. Lachinayi pochotsa, ndinapeza tsamba lililonse ladinda chithunzi chake chofiirira pamwalapo, mpaka mitsempha yake.

"Ababa, alendo aja akhala pamenepa?" anatero Tadala, misozi ili m'maso. "Akanena kuti kwathu sitikolopa."

"Khala chete, mwana wanga. Ndimu amachotsa banga lililonse, ndinawerenga."

Ndinathyola mandimu dengu lonse n'kufinyira ponseponse. Mwala unayamba kuchita thovu, ine n'kumati mankhwala akugwira. Pouma, kunyezimira konse kunali kutapita, koma masamba ali pomwepo. Lachisanu ndinakwecha ndi mchenga. Zinangowonjezera mikwingwirima.

"Abambo a Tadala," anatero mkazi wanga ali chiimire pakhomo, "musawerengenso china chilichonse mpaka alendo apite."

Tinayala mphasa ziwiri, koma sizinakwane. Loweruka asewere anafika, bambo wamtali wa ku Chisemphere wosalankhula zambiri. Atakhala, maso awo anapita pakona yosaphimbika. Anadzuka, anakweza mphasa, n'kugwada. Tadala anathawira kuseri kwa nyumba.

Asewerewo anayeza chithunzi chimodzi ndi mkono, kuyambira kuchala mpaka kudutsa chigongono.

"Asewere, tsamba ili ndi la m'munda mwanu?"

"Ndi langa ndithu," ndinayankha chapansipansi.

"Mayi, tabwerani muone!" anaitana akazi awo. "Ine zaka zonsezi sindinatulutsepo tsamba lotere. Mwana wathu akulowa pakhomo pa alimi."

Za mwalawo sanafunse n'komwe. Tinatha masana onse tikukwawa pakhondepo, iwo akuloza tsamba, ine ndikufotokoza za nazale ndi manyowa, mpaka nkhuku inazizira m'mbale. Ukwati unachitika mwezi wa Okutobala.

Mkazi wanga amafunabe kuti tiitane wopala miyala adzafufute zonsezo. Ine ndimavomera chaka chilichonse, koma tsiku loti abwere sindinalipezebe.