Mapeyala Anga, Denga la a Longwe

Lolemba
Basi, zakwana! Mtengo wa mapeyala ndinadzala ndekha titangosamukira kuno ku Chibanja, koma wapendekera kwa aneba, a Longwe. Thunthu kwanga, zipatso kwawo. Ana awo masaya akuchita kunyezimira, anga amangomva "di!" kuseri kwa mpanda. Mawa ndikukasuma kwa atcheyamani a chipani a dera lino. Zofuna zanga:
- mapeyala anga
- andipepese
- ana awo asiye kundipatsa moni ali ndi peyala kukamwa.

Lachiwiri
Atcheyamani akuti samva mlandu asanaone khadi la chipani. Langa ndi la chaka chatha. Ndikugula latsopano, la mayi a kunyumba, ndi la mwana amene ali m'mimba. "Nayenso adzadya nawo mapeyalawo," akutero. Lero ndiwo ndi nkhwani.

Lachitatu
Komiti yonse yabwera kudzaona mtengo. Tiyi, buledi, mipando yobwereka. Akuti sangaweruze za zipatso zimene sanalawe. Akulawa mpaka dzuwa kupendeka. Mlembi akupukuta pakamwa: "Yewo chomene, umboni uwu ngwabwino." Umboni wina wapita nawo m'thumba la jekete.

Lachinayi
Mayo ine! A Longwe avomera pamaso pa onse, akumwetulira, kuti mtengowo ndi wanga. Ndisanayambe n'kuvina komwe, akutitenga tonse kukaona denga lawo. Malata onse mapeyala anawapindapinda, pena mvula ikudonthera pabedi penipeni. Akuti mwini mtengo agule malata atsopano. Anthu a kwawo ku Nkhata Bay ndi sukulu zawozi! Munthu kulankhula ngati loya.

Lachisanu
Ndakumbukira bwino tsopano. Mtengo uja sindinadzale ine, unamera wokha. Mayi a kunyumba akuti ankandiona ndikuuthirira m'mawa uliwonse. Ndawapempha aiwale kaye mpaka mlandu uthe. A Longwe nawonso akulumbira kuti si wawo, ngakhale tsamba limodzi.

Loweruka
Chigamulo: mtengo wopanda mwini ndi wa chipani. Tonse tikuwomba m'manja, nanga ungatsutse ndiwe yani? Masana anyamata a chipani afika ndi matumba. Ntchito agawa motere:
- ine kusesa masamba ndi kulondera akuba
- a Longwe kutola zogwa n'kukapereka kwa atcheyamani
- za denga, komiti idzakumananso.
Mtima ukundiwawa zedi. Mtengo wanga!

Lamulungu
Taweruka kutchalitchi. Ndaima pampanda ndi a Longwe. Peyala lagwa pakati pathu. Tasuzumira kumsewu, kulibe munthu. Iwo kampeni, ine kamchere. Kukoma kwake, abale! Chidzalireni mtengowu, ili ndi loyamba kulowa m'kamwa mwanga, lakuba.

Yatsala nthanga. A Longwe akuti ndikataye kwanga, ine ndikuti kwawo. Alowa m'nyumba, atseka chitseko. Mpaka pano ili m'manja mwanga.