A Maria Banda Alipo Atatu

Lolemba

Sabata ino ndikusintha. Ntchito ndi imodzi basi: kukopera m'kope loyera mayina a olandira makuponi a feteleza, omwe ndidalemba mothamanga pamsonkhano wa komiti. Alangizi a zaulimi akulifuna Lachisanu. Dzina likasowa m'kopemo, mwini wake akolola chimanga chachikasu, ndipo mlembi ndine.

Malamulo anga:
1. Chinthu chimodzi pa nthawi imodzi.
2. Osadzuka pampando.
3. Madzulo ola limodzi landekha m'chigafa, poti fodya mulibe, anthunso mulibe.

Ndalemba mayina asanu. Kenako ndaona kuti mwendo wa tebulo ukugwedera. Tebulo tsopano lili nganganga!

Lachiwiri

Mng'ono wanga, namwino uja, wabwera kuchokera ku Mtunthama. Wandipeza ndikuthirira nazale, kope lili kukhwapa, madzi a tiyi akuphwa pamoto. Akuti, "Asisi, si ulesi umenewu. Mitu ina imangoyenda chonchi, kuchipatala ili ndi dzina lake."

Dzinalo wanditchulira kawiri. Nkhuku yadutsa ndi chiwala kukamwa, dzina lapita. Komabe mtima wapepuka. Kusukulu ankangoti ndilibe mutu, chonsecho mutu ulipo, wochita kudziwika ndi madokotala.

M'chigafa: ndangokhala pansi, apongozi atulukira kudzafuna sefa.

Lachitatu

Vuto ndi lakuti dzina lililonse lili ndi nkhani yake. Ndalemba a Make Dalitso, ndakumbuka kuti ali ndi khasu langa. Ndapita. Ndabwerako ndi mbewu ya mpiru. Khasu ayi, kope ayi!

Kope lapezeka pamjigo. Wina waikapo mwala kuti lisauluke. Mulungu amudalitse munthu ameneyo.

Kuchigafa sindinafike n'komwe.

Lachinayi

Lero mutu wagwira! Kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, osadya, osamva ana akuitana. Mayina onse atha, mizere yake ya rula, osafufuta pena paliponse. Nyemba zapserera mpaka fungo lafika kwa apongozi.

Bambo a kunyumba akuti, "Ukagwira ntchito umaposa jeke yodindira fodya, koma kuti uyambe!" Ndamva poyambapo pokha.

Lachisanu

Alangizi atsegula kope, avula magalasi.

"Mayi, 'Make Dalitso' ndi ndani? Nanga 'Nabanda wa kuseri kwa tchalitchi'? Timafuna dzina la pachiphaso."

Akuti adanena zimenezi pamsonkhano, katatu konse. Ine nthawi imeneyo ndinkawerenga mabowo a malata. Ndalemba anthu mmene timawaitanira m'mudzi muno, kope lonse!

Andipatsa mpaka mawa masana. Manyazi andigwira, ndalira pang'ono panjira. Kenako ndaona bowa pachulu.

Loweruka

Khomo ndi khomo kuyambira m'mawa, kuona ziphaso, kulemba dzina la boma pambali pa dzina lakumudzi. Ntchito yoyenda ndiye yanga, sindinatope. Ndadziwa lero kuti agogo a Chidakwa ndi a Benedikito.

Masana alangizi akuwerenga. Apeza Maria Banda katatu, atulutsa bolopeni.

"Uku ndi kubwereza dala. Awiri ndikufufuta."

Ndaimirira mpaka mpando kugwa, ndayamba kuwafotokozera. Woyamba ndi a Make Dalitso. Wachiwiri ndi a Nabanda a kuseri kwa tchalitchi. Wachitatu ndi mayi wamasiye wa ku Dedza, amuna ake anali a tenanti pa esiteti, adatsala kuno ndi ana anayi. Ndatchula minda yawo, ana awo, ngakhale mbuzi yothyoka nyanga. Palibe wandifunsa za mbuziyo, koma ndanena.

Bolopeni yabwerera m'thumba. Akuti, "Mayina akumudziwo musawafufute, mayi."

Ndabwerera kunyumba mapewa ali m'mwamba. Komiti yonse ija ya anthu omvetsera bwino inali pomwepo, koma wowasiyanitsa a Maria ndine!

Lamulungu

Kuchokera kutchalitchi, molunjika m'chigafa, chinangwa chophika m'mbale. Ndangotambasula miyendo, odi! A Maria onse atatu, adzathokoza. Akhala mpaka dzuwa kulowa, chinangwa atha.

Abweranso ndi uthenga: alangizi auza komiti ya mudzi wa kutsidya kuti ndikawathandize kope lawo, kuyambira mawa.

Ndagonja. Mutuwu sukonzeka, ndipo ola landekha m'mudzi muno sindidzalipeza. Koma chaka chino a Maria onse atatu athira feteleza.