Mngelo wa Chaka cha Njala

Manyazi ndidawaonapo ambiri, koma amene adandigwira m'tchalitchi cha kwathu ku Maganga, chaka cha njala yaikulu ija, ndi ena.

Nthawi imeneyo ndinkalemba zikwangwani za masitolo a Amwenye ku Salima. Maliro ankachitika pafupifupi tsiku lililonse, ndiye wansembe wathu, mzungu, adandiitana kuti ndijambule mngelo pakhoma, anthu azitonthozeka.

"Koma asakhale mzungu ngati a m'mabuku aja," adatero Abambo wansembewo. "Nkhope ikhale ya anthu akuno. Mapiko muonere mbalame yaikulu imene imazungulira m'mwamba."

Iwo ankanena nkhwazi. Koma chaka chimenecho mbalame yozungulira pamudzi inali imodzi yokha: muimba, wodya zakufa uja. Ndidatenga penti ndi bulashi, n'kujambula mapiko ake nthenga ndi nthenga. Nkhope ndidaoneradi anthu akwathu: masaya olowa, maso m'maenje, khosi ngati bango. Wonenepa ndikadamuona kuti?

Abambo anali atapita ku Chitala kukadzoza odwala, choncho chithunzicho adachiona koyamba Lamulungu, pomwe ndidachotsa nsalu pamaso pa mpingo wonse.

Wina kumbuyo adanong'ona, "Wadzatenga ndani?" Mayi wina adati nkhopeyo ndi ya malemu mwamuna wake, n'kuyamba kubuma maliro pomwepo. Abambo adafiira mpaka makutu.

"A Yohane, ichi n'chiyani?"

"Mngelo, Abambo."

"Wa mbali iti?"

Ndisanayankhe, padamveka chifuwa. Anali a Filipo, mkulu wina amene abale ake adabwera naye pamachira kuti adzamve Misa yomaliza. Mphasa yowaikira inali itakonzedwa kale kunyumba. Adadzutsa mutu, n'kuchiyang'ana chithunzicho nthawi yaitali.

"Ameneyu wachokera kumwamba?"

"Inde, a Filipo," ndidayankha motsitsa mawu.

"Ndiye kuti nakonso mvula sidagwe." Adakodola owanyamula. "Ndibwezeni kwathu. Ngati angelo awonda chonchi, ine kumeneko sindipitako. Bola kuno tikukumba mizu ya nthochi."

Anthu adaseka, ena misozi ili mbwembwembwe, ine mutu uli pansi. Lolemba Abambo adandipatsa ndowa ya njereza kuti ndifafanize ndekha. A Filipo adakanadi kufa, mpaka adadya chimanga chatsopano.

Munthu wanjala musamamutume kujambula za kumwamba.