Lubani amene sanandinunkhire

Inu amene munalipo pa Misa ya ubatizo ija ku Mualadzi, sekani ndithu, koma mumve kaye mbali yanga.

Ine ndakhala ndikugwira chofukizira lubani kutchalitchi kwathu chibwerere ku Zambia kumene tinathawira nkhondo. Mphumu ndili nayo, inde, koma tinkadziwana, siinkandivuta kwenikweni. Zinandipereka ndi mphuno. Zinatseka masabata atatu, chipumi chikuwawa, mamina ali achikasu (pepani amene mukudya).

Kuchipatala anamwino anati ndi sinuzite, matenda otupa m'kati mwa mphuno. Anandiuza kuti mphuno ndi chifuwa ndi msewu umodzi, kumtunda kukatupa mphumu imadzuka. Anandipatsa mapiritsi ndi kabomba kopopera m'kamwa, nati nditalikirane ndi utsi mpaka mphuno zitatseguka. Ndinavomera mwaulemu, koma mumtima ndinakana. Ndikanangopuma Lamulungu limodzi, chofukizira changa akanatenga a Zuze, mkulu wina amene wakhala akuchimezera malovu zaka zonsezi. Kabombako ndinakasiya dala pawindo. Mwamuna wamkulu kumapopera pamaso pa mpingo?

Misa itayamba, padiri, wansembe wathu, anathira lubani pamakala monga mwa nthawi zonse. Utsi ndinkauona, koma fungo lake zii. Ndinati lubani ameneyu ndi wakale, wasukuluka. Ndinazemba kuseri kwa guwa n'kuwonjezera supuni. Zii. Ina. Ziibe. Basi ndinangokhuthula yense, n'kutuluka ndikugwedeza mwamphamvu kuti a Zuze aone ntchito.

Akwaya anadukiza nyimbo pakati. Makanda odzabatizidwa anayamba kulira onse pamodzi. Padiri, misozi ili chuchuchu, anawerama n'kundinong'oneza: “Bambo, kodi ife ndi mbewa kuti mutifukize chonchi?”

Ndinafuna kuyankha, koma mpweya unakana. M'chifuwa munayamba kulira ngati mwana wamphaka. Ndinagwa chogwada, ndipo mpingo wonse, poona wotumikira paguwa wagwada, unagwadanso (pamalo posagwada n'komwe). Apa ndisaname, ndinachita mantha, ndinaona kuti ndikupita. Mwayi wake akazi anga anali atamanga kabomba kaja pakona ya kapulana, chitenje chawo chija. Anadumpha mabenchi n'kundipopera pomwepo, anthu onse akuona. Pamene ndimatsegula maso, chofukizira chinali kale m'manja mwa a Zuze.

Akuluakulu a mpingo akuti ndipume kaye, ndipo ndizikhala pafupi ndi khomo pamene pamapita mphepo. Akutinso ndipepese. Ndipepese chiyani? Alipo amene anafa? Makanda onse anabatizidwa, ndipo mavu amene anamanga kudenga anasamuka tsiku lomwelo, koma wondithokoza palibe.

Mapiritsi ndinamaliza, mphumu yagona, mphuno zatseguka. Ndipo n'zimene zikundiwawa, chifukwa Lamulungu lililonse ndili pakhomopo ndimamva bwinobwino kuti lubani wa a Zuze akununkhira.