Tsiku Limene Ndinachiritsa Odwala Onse

Ku Zemba kuli anthu amene mpaka lero akandiona amayang'ana kumbali, ndipo sindiwaimba mlandu. Ndikanakhala iwo ndikanachita zoposa pamenepo. Nkhani yake ndi ya mabedi asanu ndi limodzi, ndowa ya njereza ndi mutu wangawu.

Inali nthawi ya Chitaganya. Ndinali nditagwira ntchito yotsuka zilonda ndi kubaya jekeseni kwa zaka zingapo pa kachipatala kena kumeneko. Dzanja langa linali lopepuka, moti ana ankayamba kulira nditamaliza kale kubaya. Anthu ankanditcha a Dokotala (sindinali dokotala, koma sindinawaletse). Tsono mkulu wathu atapuma pantchito, kunabwera kalata yoti ine ndikhale woyang'anira. Anandipatsa makiyi, tebulo ndi buku lolembamo odwala. Makiyi ndinawakonda, patebulo ndinkaikapo mabandeji, koma buku lija ndinkaliona ngati lotayitsa nthawi. Munthu akubuula pakhomo, iwe n'kumamufunsa dzina la mudzi wake? Linakhala m'kabati, chiswe n'kumaliwerenga.

Tsiku lina mesenjala anafika pa njinga n'kundiuza kuti Lachisanu dokotala wamkulu, mzungu wa ku Fort Jameson, abwera kudzayendera. Anandinong'oneza kuti mzunguyo amapaka chala pazenera kufuna fumbi. Ndinayang'ana pabwalo. Mabedi onse anali odzaza, odwala ena ali pamphasa pakhonde, achibale awo akuphika pamafuwa, nsanza zili yaviyavi pampanda, nkhuku zikungolowa ndi kutuluka ngati zalembedwa ntchito. Ndinaona udindo wanga ukutha usanakwane n'komwe miyezi itatu.

Ndinayamba ndi kupaka njereza miyala yonse ya m'mbali mwa njira. Kenako ndinapaka mitengo. Njereza itatsala ndinapakanso mwala umene amayi ankachapirapo. Koma malo sankaonekabe bwino, ndipo m'pamene ndinazindikira kuti chimene chinkaipitsa chipatala changa anali odwala.

Ndinauza aNabanda, mzamba wathu, kuti Lachisanu m'mawa tidzawasamutsire onse kuseri kwa chulu, kumunda wa mtedza, mpaka mlendo atapita.

“Bambo, chipatala chopanda odwala n'chiyani?” anandifunsa. “Musiyeni mzunguyo aone mavuto athu.”

“Mayi, inu mumadziwa za uchembere,” ndinayankha, makiyi akulira m'thumba. “Za ofesi tisiyireni ife.”

Paja Ndadziwakale anamanga nyumba yopanda khomo.

Tinawasamutsadi. Otha kuyenda anayenda, ena tinawanyamula pamachira. Womaliza anali a Chimtengo, mdala amene ndinkamutsuka chilonda cha pamwendo tsiku ndi tsiku, ndipo chinali chitayamba kuuma. Tikuwakweza panjinga anandiyang'ana nthawi yaitali.

“Kodi a Dokotala, mzunguyo akubwera kudzaona ife kapena miyala?”

Ndinaseka (ndekha), n'kuwauza kuti apirire mpaka masana.

Galimoto inafika dzuwa lili paliwombo. Munatuluka munthu wamtali, wotopa, fumbi lili mbuu m'tsitsi. Miyala yanga sanaiyang'ane, zenera sanaligwire. Analowa m'chipinda cha odwala n'kuima pakati pa mabedi oyalidwa bwino, opanda ngakhale ntchentche.

“Odwala ali kuti?” anafunsa m'Chinyanja chake chopotoka.

“Onse anachira, bwana.”

“Onse?”

“Dzulo, bwana.”

Nthawi yomweyo kuseri kwa chulu wina anatsokomola, chifuwa chochokera pansi penipeni. Mzungu anatembenuka.

“Mbuzi, bwana,” ndinatero msanga. “Mbuzi zakuno zimatsokomola ngati anthu.”

ANabanda anali pakhomo, atagwira pakamwa ndi nsalu. Sindinayerekeze kuwayang'ana.

Kenako anaitanitsa buku. Ndinalikutumula n'kumupatsa. Anatsegula masamba, ndipo dzina lomaliza linali lolembedwa ndi dzanja la mkulu wathu wopuma uja. Analitseka pang'onopang'ono.

“Ndinamva kuti kuno anthu amagona pakhonde,” anatero. “Ndinabwera kudzaona ngati tingakumangireni chipinda china. Koma ndaona kuti anandinamiza. Mabedi awa akufunika kwina.”

Abale anga, apa m'pamene munthu wanzeru akanagwada n'kunena kuti tiyeni kuseri kwa chulu. Chulu chinali pafupi, mtunda woti ungaponye mwala. Koma ndinaganiza za makiyi, ndinaganiza za mbuzi zimene ndinali nditanena kale, ndipo pakamwa panga panatuluka mawu awiri okha: “Zikomo, bwana.”

Patatha milungu itatu lole inabwera kudzatenga mabedi ndi mankhwala ambiri. Anthu anaima pabwalo n'kumaonerera. Lole yomweyo inabweretsa kalata yanga. Dokotala wamkulu analemba kuti sanaonepo malo aukhondo ngati anga, choncho andikweza kuti ndikayang'anire nyumba yosungiramo katundu wa zipatala kuboma. Ndinakwera pamwamba pa mabedi omwewo, ndipo palibe amene anandibayibitsa.

Kuyambira pamenepo sindinagwirenso jekeseni. Dzanja lopepuka lija linakalamba likudinda mapepala ndi kupinda mabulangete. Zinandipweteka, ndipo zimandipwetekabe. Ndinayesa kangapo kulemba kalata youlula zonse, koma nthawi zonse ndinkafika pa mbuzi paja n'kuing'amba.

Patapita zaka ziwiri ndinapita ku Zemba kumaliro. Ndikudutsa pa kachipatala kaja, kali kotseka, ndinapeza a Chimtengo atakhala pakhonde, ndodo ziwiri zili pambali. Chilonda chija chinasowa wochitsuka, ndipo pamene ankafika nacho kuchipatala chakutali kunalibenso chochita koma kudula mwendo. Ndinawapatsa moni ndi manja awiri.

“Tili bwino, a Dokotala,” anayankha, n'kuloza ndi ndodo miyala ija ya m'mbali mwa njira. “Odwala anu aja ndi awo. Akadali oyera, palibe ndi mmodzi yemwe amene wadandaula.”

Mwina mukuganiza kuti ndinaphunzirapo kanthu. Inenso ndimaganiza choncho. Koma mwezi wathawu abusa atanena kuti abwera kudzationa, mkazi wanga anali chigonere ndi malungo pakhonde, ndipo ndinangozindikira ndikumufunsa ngati sangakagone kaye kuseri.