Msilikali wa Che Zubairu

Pa Balaka pano ukatchula malemu Che Zubairu, anthu amayamba aseka, kenako n'kupukusa mutu. Ndi bambo aja anamenya nkhondo mpaka kumwalira kwawo osawombako mfuti ngakhale kamodzi. Nkhondo yakeyo inkachitikira mu shopu yanga yometera, kuseri kwa depoti, m'kachipinda kam'mbuyo momwe ndinaika TV ndi makina a gemu kuti anyamata azitayirapo nthawi podikira mpando. Ine ndine Elliam, wometa, ndipo zonsezi ndinaziona ndi maso angawa.

Che Zubairu ankazinga mbuzi n'kumagulitsa nyama pamsika. Chimunthu chachitali, chifuwa ngati chitseko, mpeni m'chiuno. Koma mantha! Tayala la njinga likaphulika ku siteji, iwo ankapezeka pansi pa tebulo, nyama ili pamwamba. Ndiye taganizani munthu wotereyu kubereka mwana wamwamuna mmodzi yekha, Mohamedi, mwanayo n'kukalowa usilikali, boma n'kumutumiza ku Kongo. Kuyambira tsiku limenelo bamboyo anayamba kuonda tikuona.

Tsiku lina anabwera kudzameta. Ndangodutsitsa makina mbali imodzi ya mutu, kuchipinda kuja mfuti zinalira. Ndinangoona mpando uli wokha, mwini wake ali chafufumimba pansi pakati pa tsitsi.

"Elliam, gonani pansi! Afika!"

"Ndi gemu, Che Zubairu. Anyamata akusewera."

"Gemu yanji yolira chonchi?"

Anadzuka n'kukasuzumira, mutu uli wometa theka. Gemu yake ndi ya asilikali anayi olowa m'tauni yophwasuka ndi mabomba. Iwe umayendetsa mmodzi ndi padi, kachipangizo ka mabatani kogwira m'manja, ndipo ukangotulutsa mutu pakona mosasamala, watha. Che Zubairu anayang'anitsitsa msilikali amene ankathamanga pa TV paja.

"Matewe amenewo ndikuwadziwa," anatero motsitsa. "Uyo ndi Mohamedi."

Asanamalize, msilikali uja anawomberedwa n'kugwa chagada, TV yonse n'kufiira. Kukuwa kumene anakuwa bamboyo kunaimitsa njinga pamsewu. Tinawakhazika pansi, kuwapatsa madzi, kuwaonetsa kuti onani, wadzukanso, akuyambiranso. Iwo ayi.

"Amadzuka muno mokha. Ana inu mukumusewera mwana wa munthu. Ndipatseni wanga, ndizimusamala ndekha."

Ndinawatsegulira gemu yawoyawo, ya dzina lawo, n'kuwaphunzitsa mabatani. Batani lowombera sanafune n'kumva komwe. Anagwira awiri okha, logwadira ndi lokwawira. Msilikali wawo anakwawa mpaka kuseri kwa khoma lina lakugwa theka, n'kukhala pomwepo. Anzake atatu aja ankamenya nkhondo kutsogolo, iye ali phee, mfuti atakumbatira.

Madzulo alionse akatseka bizinesi ankabwera, kuvula nsapato pakhomo, n'kuyamba malamulo. Mafoni azimitsidwe. Olankhula azinong'ona. Wotsokomola atuluke panja. Thukuta linkachita kuyenderera m'ndevu, zala zili pa padi, pomwe pa TV palibe chikuyenda kupatula utsi. Mu gemumo muli mkulu wa asilikali amene amakalipa m'Chingerezi pa wailesi.

"Akuti chiyani ameneyo?"

"Akuti muthamange, mukalande nyumba iyo."

"Muuzeni apite yekha. Kwawo alibe amake?"

Lucius wa kabaza, amene pakamwa pake sipatsekeka, ndiye ankapsa mtima kwambiri. Tsiku lina mdani anadutsa pafupi n'kuima chopereka msana.

"Ambuje, uyo! Dinani apa basi, kamodzi kokha!"

"Iyayi."

"Inu mumazinga mbuzi tsiku ndi tsiku!"

"Mbuzi siibweza. Komanso uyo ali ndi bambo ake penapake, agwira padi ngati ine, akutuluka thukuta. Msiyeni adutse."

Nthawi ya swala, mapemphero a kumzikiti, ikakwana ankayamba aonetsetsa kuti msilikali wagwada bwino, mutu sukuoneka. Ndikamatseka shopu ankatulutsa chitenje cha akazi awo, Abiti Sadiki, n'kufunditsa TV ndi makina omwe. Ati adani asamuone. Mawu awo otsanzikira anali amodzimodzi masiku onse: "Elliam, musamutulutse."

Nzeru za mu gemu sizinkathera mu shopu. Mohamedi akaimba foni, bambo ake ankamupatsa sukulu ya usilikali msika wonse ukumva.

"Ukaona mgolo wofiira usayandikire, umaphulika! Galimoto yopsa usabisaleko! Pawindo usaime! Bwana wako akati thamanga, uziyamba wamanga chingwe cha nsapato, anzako atsogole!"

Iwo eni anasiya kudutsa njira ya kuchigayo chifukwa panali mgolo wofiira wa madzi. Ankazungulira kunjanji, mbuzi ili paphewa.

Tinkaseka, inde. Koma ndikuuzeni zoona, mantha amapatsirana. Pasanapite nthawi anyamata omwe aja anayamba kunong'ona okha Che Zubairu akagwira padi. Wina akagwetsa chisa, tonse tinkadzidzimuka. Palibe amene ankanena kuti msilikali wa pa TV akafa ndiye kuti ku Kongo kwachitika kanthu. Koma panalibenso amene ankafuna kuyesa.

Tsiku loopsa linabwera ndi Lucius. Iye ndiye anawanyengerera kuti kutsidya kwa msewu wa mu gemumo kuli nyumba yakonkire, yabwino kuposa kakhoma kawo kaja. Anawaumiriza sabata yonse mpaka anavomera. Linali Loweruka masana, shopu itadzaza. Che Zubairu anati Bisimila, n'kuimiritsa msilikali wawo koyamba chiyambire. Phazi loyamba, lachiwiri. Atafika pakatikati pa msewu, chipolopolo chinalira kuchokera padenga lina, fumbi n'kubuka pafupi ndi phazi lake.

Magetsi anazima.

Che Zubairu anatsala atagwira padi, akudinabe batani logwadira.

"Ali pamsewu," anatero. "Ndamusiya ali chiimire pamsewu."

Anaimba foni ya Mohamedi. Siinalowe. Anaimbanso. Siinalowe. Wina wopanda nzeru anati wamva kuti ku Kongo kwavuta masiku ano. Lucius anayamba kufotokoza kuti makina akazima zonse zimaima, koma pakhomo panatulukira Abiti Sadiki. Mayi ameneyu ndi amene ankatinyoza masiku onse kuti tawasandutsa amuna awo mwana. Tsiku limenelo anabwera opanda nsapato.

"Mwamusiya pamsewu mwana wanga? Inu a Elliam, yatsani chinthucho!"

Ndiyatse ndi chiyani? Tauni yonse inalibe magetsi, ndipo jenereta ya a vidiyo inali itafa. Tinamva kuti ku Liwonde akuyaka. Tinazula makina, kuwakulunga m'chitenje chija, n'kuthamangira minibasi, ine, Che Zubairu ndi Lucius amene anasiya njinga yake osakhoma. Kondakitala anati katunduyo apite kumbuyo.

"Kumbuyo iyayi," anatero Che Zubairu atawafungatira pamiyendo. "Muli munthu umu."

Njira yonse ankangoimba foni ya Mohamedi. Milomo yokha ndiyo inkagwedera, foni ili kukhutu, ikungonena kuti nambalayi sikupezeka. Ndinkadziuza kuti Elliam, ndi pulasitiki ndi mawaya izi, unagula wekha ku Limbe. Koma maso anga sankachoka pa chitenje chija.

Ku Liwonde tinalowa m'golosale ya mlamu wa Che Zubairu n'kuzula TV anthu akuonera mpira. Ndinalumikiza mawaya. Gemu ija imachedwa kuyaka, koma tsiku limenelo inachita kunyanya. Che Zubairu anatembenukira kukhoma.

"Ndiuzeni inu. Ine sindiyang'ana."

Chithunzi chinabwera. Khoma lakugwa theka, utsi, ndi msilikali wa matewe atagwada kuseri, mfuti atakumbatira. Makina akazima gemu imabwerera pomwe inasungidwa komaliza, zimenezo ndinkazidziwa bwino lomwe, koma ndinangopezeka ndakhala pa thumba la shuga.

"Wabwerera yekha!" anakuwa Che Zubairu. "Mwana womvera uyu! Waona kuti bambo kulibe, wabwerera!"

Lucius analira poyera, kenako n'kunamizira fumbi la m'minibasi. Mohamedi anaimba patapita masiku, wamoyo, wathanzi, ati kunalibe netiweki. Bambo ake sanamuuze za msewu uja. Anangoti, "Ukhale pomwe ulipo," ndipo msilikali wa mu gemu sanaimirirenso.

Che Zubairu anagwa pamsika m'mawa wina nthawi ya dzinja, akupachika nyama. Pofika nawo kuchipatala anali atapita. Mwa chipembedzo chawo tinawaika tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, mwana wawo ali kutali. Munthu amene ankaopa mgolo, tayala ndi windo anapita mwakachetechete, popanda chophulika chilichonse.

Mohamedi anafika pa sadaka ya arobaini, ya tsiku la makumi anayi chimwalirire bambo ake. Atatha mapemphero anabwera ku shopu, ndi matewe ake omwe aja, n'kupempha kuti aone. Ndinavundukula chitenje. Anakhala pa benchi ya bambo ake, kuyang'ana msilikali uja nthawi yaitali. Anyamata anadzaza pakhomo, akuti lero tiona katswiri weniweni akuwoloka msewu. Ndinamupatsa padi. Anaitembenuza uku ndi uku, n'kuiika pansi.

"Kumeneko zikayamba kulira," anatero, "mawu a bwana sindiwamva. Ndimamva a baba, gona pansi, gona pansi. Ndimagonadi."

Lucius anafunsa ngati tsopano tingamuwolotse, poti mwini wake wabwera.

"Ndikubwerera ku Kongo Lolemba," anatero Mohamedi. "Achimwene, msiyeni pomwepo."

Masiku ano kuchipinda kuja kuli phokoso ngati kale. Anyamata amawombera, kufa, kudzuka, kutukwanizana, mafoni akulira. Palibe wovula nsapato pakhomo, palibe wotiuza kuti tinong'one. Tayala likaphulika ku siteji ndimayang'ana kumsika, tebulo lija lili ndi mwini wina amene sagwedezeka n'komwe, ndipo ndimawasowa bambo aja. Pa mndandanda wa osewera dzina la Che Zubairu likadalipo, ndipo chala cha aliyense chimalidumpha mosamala. Wina wa ku Ntcheu anafuna kugula makinawa, ndinakana.

Magetsi akazima, Abiti Sadiki amatumiza uthenga kudzafunsa, ine n'kuyankha kuti ali kuseri kwa khoma, mayi, sanasunthe. Ndipo madzulo alionse ndikasesa tsitsi, ndimayamba ndasuzumira ngati mutu wake sukuoneka, kenako n'kufunditsa chitenje.