Msonkho wa Mthunzi wa Mapeyala

Anzanga inu, zimene ndinalota usiku wathawu, mpaka pano thupi likuchita tsemwe. Paja mukudziwa kuti ine Esinati ndi achimwene anga a Wedisoni tagawana puloti ya malemu amayi, ndipo tinapangana zodula mtengo wa mapeyala uli pakati uja kuti padutse mpanda.

Ndiye kutuloko ndikuona bambo wa kukhonsolo walowa ndi mlembi wake, tepi ili m'manja, akuti adzagawe msonkho wa malo, aliyense azilipira mbali yake. Wayeza nyumba, wayeza chimbudzi, koma pofika pamtengo tepi ija yakana. "Ine apa sindidutsa, bwana." Yadzipinda yokha n'kulowa m'thumba.

Mwadzidzidzi khosi la bambo uja layamba kutalika, tayi ali lendelende, mpaka wasanduka nyamalikiti, mutu uli m'mitambo. Mayo ine, kukongola kwake! Ndiye mawu akutsika kuchokera kumwambako: "Mayi, mthunzi uwu m'mawa umagona kwa inu, madzulo kwa achimwene anu. Tiulembe kwa ndani?"

"Kwa iwowo," ndatero ine, paja pakamwa panga mumapadziwa.

"Ayi, kwa iyeyu," atero achimwene, amene aima pambali panga.

Ndiye mlembi uja, amene anasanduka mfuko ine osaona, watulutsa mutu m'dothi. "Taonani kaye kunsi kuno." Mwadzidzidzi nthaka yaonekera mkati ngati madzi a m'ndowa. Mizu yonse ikuwala, ina yalowa pansi pa chipinda changa, ina pansi pa khitchini ya achimwene. Pakati penipeni mizu yafumbata timichombo tiwiri, tokulungidwa m'kansanza kamodzi ka chitenje. Ndinangopezeka ndagwada.

Ndiye mtengo wayankhula, koma mawu ndi a amayi enieni, osasa aja: "Ana anga, michombo yanu itagwa ndinaikwirira pano, n'kubzalapo njere. Yezani bambo, mundiuze, wa Esinati ukuthera pati, wa Wedisoni ukuyambira pati?"

Nyamalikiti watsitsa khosi lonse lija mpaka mphuno yagunda pansi. "Pepani mayi. Nyumba ndi nthaka tigawa, koma izi tepi yake tilibe."

Misozi ili chuchuchu, ndatembenuka kuti ndiwagwire dzanja achimwene, ndiwauze kuti mpanda ukhote basi, msonkho wa mthunzi ndizilipira ndine.

Ndisanatsegule pakamwa, ndadzidzimuka. Kunja kwacha kale, ndipo kuseri kwa zenera ndikumva kwee, kwee, kwee. Achimwene akunola nkhwangwa pamwala.